Chamba Chovala Duku

Nzeru yonse inabadwira kuseri kwa nyumba ya Pempho ku Spinney Hill, Lamulungu masana, pakati pa mabini a zinyalala ndi chingwe choyanikapo zovala. Anali atatu, aliyense ndi chitini chake cha mowa, mapiko a nkhuku akupserera pa mbaula popanda wowatembenuza. Ndineneretu kuti mwa atatuwa panalibe amene anabapo chinthu choposa magolovesi a kuntchito. Koma tsikulo ankalankhula ngati anthu amene apolisi a England yense amawalota.

Mwini nzeruyo anali Justus, amene anzake ankamutcha Jenerali. Ntchito yake inali yoyenda m'makomo kusamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwaphikira tiyi, kuwakumbutsa mankhwala. Anali atakhala m'dziko muno zaka zambiri mutu uli pansi, kulipira msonkho, kuwoloka msewu pokhapokha kamunthu kobiriwira kakayaka, ndipo kunali kutangotsala miyezi yochepa kuti alandire mapepala okhazikika. Mlongo wake wamkulu Ethel, namwino pa chipatala china mumzinda wa Leicester muno, ndi amene anamuitanitsa kuchokera kumudzi. Ankamuuza kosalekeza kuti kakangogwa kadontho kamodzi pa dzina lake, mapepala apita ndipo ndege ikumudikira. Iye ankavomera ndi mutu, mutu womwewo umene unabala zimene ndikusimbazi.

Wachiwiri anali Mayankho wa ku Nkhotakota, wolongedza katundu ku weyahausi. Ankamutcha Mlangizi chifukwa anaphunzirapo zaulimi teremu imodzi asanamuthamangitse. Wachitatu anali Pempho yemweyo, mwini galimoto ya mipando isanu ndi iwiri, wotchedwa Satinavu, dzina la kachipangizo kolondolera njira m'galimoto, chifukwa ankasochera ngakhale popita ku tchalitchi kwake komwe.

"Magaye, tamverani," anatero Jenerali, akutsitsa mawu ngakhale kuti omvetsera ena anali nkhunda zokha. "Madala amene ndimawasamalira ku Oadby aja, a Siraj, ali ndi fodya wamkulu m'nyumba."

"Amwenye aja? Osaphonya ku mzikiti aja?" anafunsa Satinavu.

"Sasuta ayi. Amanyika m'mafuta n'kumapaka m'mawondo. Mbewu yake akuti inachokera kwathu konko. Mawa akukagonekedwa, akukawaika chitsulo m'chiuno, ndiye akakhalitsa kumeneko. Kiyi akundisiyira ine kuti ndizithirira."

"Ndiye?"

"Ndiye tandiuza, aise. Munthu woberedwa chamba amakasuma kuti?"

Mlangizi anaika chitini pansi n'kumugwira chanza Jenerali ndi manja awiri.

"Iwe ndi dolo. Ine ndili ndi munthu wanga ku Normanton, amagula osafunsa dzina. Dilu yatheka imeneyi."

Anagundanitsa zitini. Kunena chilungamo, funso la Jenerali lija linali lanzeru, ndipo ndi chinthu chanzeru chomaliza chimene mumve kuchokera pakamwa pawo.

A Siraj anabadwira ku Limbe, nakulira kuseri kwa kauntala ya sitolo ya bambo awo. Anabwera ku Leicester kalekale, Amwenye ambiri akusamuka kwathu, ndipo anachita bwino pa malonda a nsalu. Tsopano anali nkhalamba yofedwa, yokhala yokha m'chinyumba chachikulu, mwana wawo Zahida ali ku London. Chichewa chawo chinkachititsa manyazi ana athu obadwira kuno. Justus ankamutenga ngati mwana wa kwawo: pa Eid ankamulongedzera masamusa, ndipo m'nyengo yozizira anamupatsa jekete lawo labwino. Mwa anthu onse a mu Leicester, munthu ameneyu ndi amene Jenerali anasankha kumubera.

Lolemba m'mawa, galimoto ya kuchipatala isanafike, a Siraj anamutengera Justus ku chipinda chagalasi cha kuseri kwa nyumba. Khoma lake la njerwa linkalekera m'chiuno, pamwamba pake magalasi okhaokha mpaka denga. Kuseri kwa matimati ndi tsabola kunali tizomera tinayi tofika m'mawondo, nthambi zake zomangidwa ndi ulusi kuti zizipita cham'mbali. Titatu tinali m'timiphika tating'ono. Kachinayi, konyozeka kuposa tonse, kanali mu ketulo yakale ya tiyi.

"Madzi pang'ono pokha," anatero a Siraj. "Nsonga ikatuluka, tsina ndi chikhadabo, chonchi. Ndipo usasinthe mphika. Mizu ikapeza malo, mutu nawo umafuna malo."

"Chabwino, bwana."

"Ukuliona zenera ili? Chikangopitirira apa si changanso, ndi cha apolisi. M'dziko lino, mwana wanga, chofuna kukhalitsa sichidzionetsa. Iwe ndi ine timadziwa zimenezo."

"Timadziwa, bwana," anatero Jenerali, n'kuwanyamulira chikwama mpaka pa geti.

Madzulo a tsiku lomwelo anabwera ndi anzake kudzaona katundu. Mlangizi atangosuntha matimati aja anagwira pakamwa ngati walandira uthenga wa maliro.

"Ichi n'chamba kapena mpiru? Madala awa ndi ankhanza. Chomera mpaka kuchimanga zingwe ngati chabera munthu? Kwathu ku Nkhotakota ukalowa m'munda wa zimenezi, mnzako umachita kumuitana ndi likhweru."

"Tinyamule tizipita, man," anatero Satinavu, maso ali ku msewu. "Tikwana m'jumbo imodzi timeneti."

Mawu amenewo akanawamvera, bwenzi ine ndilibe nkhani lero. Koma Mlangizi anali atayamba kale kukwinya malaya.

"Tikanyamula lero tigulitsa chiyani? Taganizani bwino. Madzi ndi a madala, nyumba ndi ya madala, dzuwa ndi la Mulungu. Tilime konkuno, tikakolole kwathu."

Jenerali anayang'ana tizomerato, kenaka anayang'ana denga lagalasi lija, mmene linatalikira, ndipo anameza malovu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mawa lake anadula ulusi wonse. Titatu tija anatisamutsira m'zidebe zikuluzikulu za penti zochokera kwa Satinavu, zitatsala ndi mtundu womwewo wa khoma la pabalaza pake. Mlangizi anapita yekha ku sitolo ya zamaluwa kukagula manyowa a nkhuku, n'kukangana ndi wogulitsa pamaso pa kamera kuti bwanji dziko lolemera chonchi lilibe feteleza wobereketsa wolongosoka. Anabandira dothi m'zidebemo ngati chimanga. Ka mu ketulo kaja anati n'kuwononga manyowa, choncho anakaponya pa zenera la kukhitchini pakati pa timasamba tonunkhiritsa ndiwo. Jenerali ankakatsina kameneko mokhulupirika, kuti akamapita kuchipatala kukazonda a Siraj azitha kunena kuti "ndikutsina, bwana" popanda kunama.

Chaka chimenecho, cha 2018, England anatentha ngati Chikwawa. Azungu ankayenda m'tauni malaya ali paphewa, udzu wa m'mapaki unauma gwa. M'chipinda chagalasi muja zomera zitatu zija, zimene moyo wawo wonse zinakhala zomangidwa, zinamva kuti ufulu wafika. Zinadutsa zenera, Jenerali anatseka makatani. Zinadutsa phewa la Jenerali, Mlangizi anathiranso manyowa. Palibe amene anafunsa kuti zidzatuluka bwanji m'nyumbamo.

Kenaka Zahida anaimba foni. Bambo ake akutuluka Lolemba, iye abwera Lamulungu kudzakonza m'nyumba.

"Palibe vuto," anatero Jenerali pa msonkhano wa changu kuseri kwa nyumba ya Pempho kuja. "Loweruka masana England ikusewera mpira wa dziko lonse. Mzungu aliyense, wapolisi aliyense, ngakhale galu wa apolisi, adzakhala pa TV. Tidzalowa titavala yunifomu ya kuntchito, palibe amayang'ana munthu wa yunifomu imeneyi. Tikaika katundu m'kachipinda ka kudenga kwa Satinavu, akakhwimire kumeneko."

Anagundanitsanso zitini. Jenerali anawerengera azungu onse a mu Leicester, koma anaiwala Amalawi. Loweruka lomwelo ndi limene ife tinakonza phwando lokumbukira ufulu wa dziko lathu, pa holo ina ya tchalitchi kufupi ndi paki ya Spinney Hill, ndipo wapampando wa amayi anali Ethel.

Loweruka lafika. Oadby yense ali zii, mbendera zikulendewera m'mazenera. Atatu aja analowa ndi kiyi ngati eni nyumba. Kutulutsa zomerazo pakhomo kunali ngati kutulutsa mtembo wa munthu wamtali m'nyumba ya lendi: kupendeketsa, kubwerera, kutukwanana chapansipansi. Atafika pa galimoto, vuto linaonekera poyera. Kubuti sizinkakwana. Atayesa kuziveka majumbo akuda a zinyalala, nthambi zinaboola n'kutulukira panja, masamba ali yanjayanja ngati zikupereka moni kwa aneba.

"Tidule," anatero Satinavu. "Ndili ndi mpeni."

Mlangizi anaima pakati pa mpeni ndi chidebe.

"Udule ndani? Sichinayambe n'komwe maluwa ichi. Ukadula lero ukagulitsa chigwada. Munthu wanga akufuna chokhwima."

"Nanga tiyenda nazo bwanji, amwene? Galimoto ili ndi mawindo."

Apa Satinavu anakumbukira chimene anaiwala kuyambira m'mawa. Kubuti kunali chikwama cha zitenje ndi maduku, za mitundu ya mbendera yathu, zimene Ethel anamupatsa kuti akasiye ku holo kuti amayi a kwaya avale. Jenerali anatulutsa chitenje chimodzi, n'kuchiyang'ana, n'kuyang'ana chomera, ndipo nkhope yake inawala.

Zidebe anaziika pansi pa mzere wapakati wa mipando. Chomera chilichonse anachikulunga zitenje kuyambira pa chidebe mpaka m'khosi, nsonga anaipinda pansi pa denga la galimoto n'kuimanga duku, china chitenje n'kufunditsa pamwamba. Anazimanganso malamba, poti Satinavu sankafuna mlandu wa pamsewu. Ukayang'ana uli panja unkaona amayi atatu a thupi labwino, atawerama ngati akupempherera ulendo.

Asananyamuke anachita chinthu china chimene mbava zenizeni sizichita. Munthu amene wagwira ntchito yosamalira okalamba sachoka m'nyumba osakolopa, manja amangochita okha. Anasesa dothi lonse, anakolopa ndi jiki, anapukuta magalasi, anathirira matimati, timiphika takale n'kukatitaya mu bini ya kutali. Chipinda chija chinawala kuposa tsiku limene anachimanga.

Satinavu pa chiwongolero, Jenerali pambali pake, amayi atatu pakati, Mlangizi kumbuyo kwenikweni. Msewu unali wawo okha. Jenerali anatsegula wailesi n'kuyamba kufotokoza za nyumba ya malata ofiira imene adzamange ku Area 25. Foni ya Satinavu inkangolira m'thumba, iye osayankha. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Njira yopita kwa Satinavu inali yosavuta, n'chifukwa chake anaiphonya. Anakhota pamene sanayenera kukhota, anakhotanso kuti akonze, ndipo anapezeka ataima pa maloboti ofiira, pafupi penipeni ndi pokwerera basi. Pamenepo panaima Ethel, atavala chilundu chothina cha phwando, duku lalikulu ngati lichero, beseni la mandasi lili m'manja.

Sanapemphe. Anatsegula yekha chitseko.

"Iwe Pempho, foni yakoyo ndi yokongoletsera thumba? Amayi akudikira nsalu kuyambira m'mawa. Justus, tsika, ukakhale kumbuyo."

Jenerali anatsika, n'kukalowera kubuti, n'kukadzipanikiza pambali pa Mlangizi. Ethel anakhala kutsogolo, beseni pamiyendo. Mwayi wa mbavazo unali pawiri: chovala chake chinali chothina moti kutembenuka kunali kosatheka, ndipo mphuno zake zinali zotseka ndi chimfine cha mungu chimene chimatizunza kuno dzuwa likawala. Anatsitsa kagalasi kodziyang'anira, n'kuona maduku atatu.

"Kodi muli ndi alendo? Pepani amayi, sindinakuoneni. Muli bwanji kumbuyoko?"

Zii.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Galimoto inagunda kabampu, maduku atatu anagwedera pamodzi, koma mawu osatuluka.

"Achemwali," anatero Jenerali, mawu akuchokera kutali, "ndi azakhali ake a Mayankho. Atsika ndege m'mawa womwe uno. Atopa, agona."

"Onse atatu?"

"Onse, achemwali."

"Nanga nsalu zanga avala chifukwa chiyani?"

"Amamva kuzizira."

"Kuzizira lero? Ine ndikusungunuka pano."

"Ndi a ku Nkhotakota, asisi," analowererapo Mlangizi. "Anazolowera kotentha."

Imeneyi inali mbali ina ya choonadi. Ethel anayetsemula, n'kupukuta mphuno.

"Ngakhale kutopa, moni sathyola nsagwada. Ifenso tinakwerapo ndege. Komabe mlendo ndi mlendo. Eni, apatseni mandasi, zakudya za m'ndege sizikhalitsa m'mimba."

Anapereka mandasi atatu chakumbuyo osatembenuka. Mlangizi anatambasula dzanja pakati pa azakhali ake n'kulandira, ndipo poti panalibe kwina kowapititsa, anawadya yekha ataweramira pansi, osatafuna mokweza.

"Kodi kafungo aka n'kachiyani?" anafunsa Ethel patapita kanthawi.

"Mankhwala a kumudzi, achemwali. A nyamakazi."

"Anthu athu ndi zitsamba. Mwayi wawo sanawagwire pa eyapoti."

Atatero anatulutsa foni n'kuimbira amayi ku holo. Mbava zitatu zinamva mawu aliwonse.

"Tikubwera, nsalu zapezeka. Komanso tili ndi amayi atatu ochokera kumudzi lero lomwe. Ikani mipando itatu kutsogolo. Ayi, tulukani panja nonse, muwalandire ndi nyimbo, adziwe kuti kunonso kuli anthu."

Satinavu anayang'ana Jenerali pa galasi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafuna kusochera mwadala, koma Ethel ankaloza kona iliyonse ndi chala. "Kumanzere apa. Kumanzere, Pempho, dzanja lovala wotchi." Anafika pa holo osaphonya ngakhale kamodzi.

Ine ndinalipo, choncho zotsatirazi sindinachite kumva. Amayi anali atandanda mizere iwiri kuyambira pa geti, akuimba, akuwomba m'manja, nthungululu zili pakamwa. Galimoto itangoima anaizungulira mbali zonse. Ana obadwira kuno anakweza mafoni kuti ajambule agogo enieni ochokera ku Malawi.

Tsono pa phwandolo tinali ndi mlendo wolemekezeka, wapolisi wachizungu woona za ubale wa apolisi ndi anthu a m'dera lathu. Anali mnyamata wamtima wabwino amene anasiya kuonera mpira wa dziko lake kuti adzadye nafe mpunga. Kuyambira masana amayi anali akumuphunzitsa kupereka moni kwa akulu: kupinda bondo pang'ono, dzanja lamanzere kugwira chigongono chakumanja. Anali atayeserera pa ife tonse ndipo ankafunitsitsa nkhalamba yeniyeni.

Ethel anatsika ndi beseni lake, n'kumukodola.

"Bwerani, bwana, mutsegulire amayi athu. Ulemu umenewu ndi wanu."

Jenerali anayesa kudzuka. Apa ndi pamene anaphunzira chinthu chimene aliyense wokhala ndi galimoto ya mipando isanu ndi iwiri amadziwa: wa kumbuyo satuluka mpaka wa pakati atatsika, ndipo chitseko cha kubuti sichitsegukira m'kati. Iye ndi Mlangizi anali atadzitsekera okha kuseri kwa katundu wawo.

Wapolisi anatsegula chitseko. Anapinda bondo, anagwira chigongono, n'kunena momveka bwino kuti aliyense amve mmene waphunzirira.

"Muli bwanji, amayi?"

Amayi sanayankhe. Iye anaganiza kuti mwina ndi manyazi a anthu akumudzi, choncho analowetsa dzanja mwaulemu m'mphepete mwa chitenje kufuna chanza. Anapeza nthambi. Ndikulumbira, anaigwedeza kawiri asanazindikire. Kugwedeza kumeneko kunamasula duku, ndipo nsonga imene inapindidwa kuchokera ku Oadby inawongoka, n'kutulukira pa chitseko, n'kuima pamwamba pa chipewa chake, masamba ali tambasu padzuwa.

Nyimbo inafa pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali pafupi mpaka kwa a ku geti amene anapitiriza vesi yonse asanaone. Nthawi yomweyo ku bala la pakona kunaphulika chiphokoso, England itagoletsa. Wapolisi anayang'ana ku bala, anayang'ana chomera, n'kupuma mozama ngati munthu amene tsiku lake lawonongeka kawiri. Kenaka anagwira wailesi yake ya paphewa.

Ethel sanakuwe. Anaika beseni pansi bwinobwino, anasuzumira m'galimoto, nayang'ana mlongo wake amene anali atakhala manja ali pamawondo.

"Justus, ine ndakhala ndikupereka moni kwa zimenezi kuchokera pa basi paja?"

"Achemwali, ndifotokoza."

"Ndazipatsa mandasi."

Anayang'ananso kanthawi, ndipo nkhope yake inasintha, chifukwa anali atakumbukira chimene ife tonse tinakumbukira mochedwa. Mawu ake anatsika.

"Mapepala ako, Justus."

Ndaseka zambiri m'nkhaniyi, koma pamenepo sindinaseke. Mayi ameneyu anagwira mashifiti owirikiza zaka zambirimbiri kuti mlongo wake akhale munthu m'dziko muno, ndipo anaima pa geti ya tchalitchi akulira pamaso pa anthu onse amene amamulemekeza.

Ku polisi Jenerali anaulula msanga kuti zomerazo ndi za a Siraj, iwo anangozinyamula. Apolisi anapita ku Oadby. Anapeza chipinda chagalasi chonunkhira jiki, muli matimati ndi tsabola, popanda ngakhale tsamba limodzi lokayikitsa. Zidebe zinali ndi penti ya pabalaza pa Pempho. Kamera ya ku sitolo inali ndi Mayankho akukangana za feteleza. Mwini nyumba anali chigonere m'chipatala nthawi yonseyo. Atawaonetsa chithunzi, a Siraj anavala magalasi, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti zomera zazitali chonchi sanakhalepo nazo chibadwire. Sananame.

Chotsala anachimaliza Mlangizi. Wapolisi wofunsa mafunso anangoti, ngati akudzilankhulira yekha, amene analima izi amaudziwa ulimi.

"Zikomo kwambiri," anatero Mlangizi, asanamuponde phazi loya wake.

Choncho anthu amene ananyamuka kukaba anaimbidwa mlandu wolima. Funso lanzeru la Jenerali lija linayankhidwa: woberedwa chamba sakasuma kulikonse, amangokhala phee, wakuba n'kusenza zonse. Satinavu anataya galimoto ndi ntchito. Munthu wa ku Normanton sanaonekepo, ndipo ena timakayika ngati analipo n'komwe. Za Mlangizi ndimamva kuti kumene anamutsekera anamupatsa dimba la kabichi, ndipo akudandaula za manyowa. Jenerali mapepala anamukaniza, n'kumuuza kuti akamaliza chilango achoke m'dziko muno.

Ethel anapita ku Oadby kukapepesa, monga timachitira kwathu mwana akalakwira munthu wamkulu. A Siraj anamulandirira kukhitchini, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Anakana kuti agwade. Madzi a tiyi ali pamoto, anasendera pa zenera pamene panali ketulo yakale pakati pa timasamba ta ndiwo, pomwe apolisi anadutsa osayang'ana kawiri. Anatsina kansonga ndi chikhadabo.

"Aka kokha anakasamala bwino," anatero. "Ndinkamukonda mwana uja, mayi. Akanandipempha chilichonse m'nyumba muno ndikanamupatsa. Kunali kutatsala nthawi yaitali kuti alandire mapepala?"

"Ayi, bambo. Khirisimasi isanafike akanakhala nawo."

A Siraj anapukusa mutu, n'kubwezera ketuloyo kuseri kwa timasamba tija.

"Ndinamuonetsa zenera," anatero.

Jenerali anakwera ndege chaka chotsatira ndi chikwama chimodzi, atavala jekete labwino lija. Akuti atatsika ku Lilongwe anapeza azakhali ake atatu, enieni tsopano, atabwera pa minibasi kudzamuchingamira, atavala zitenje zawo zatsopano ndi maduku. Anamuzungulira, n'kumugwira chanza mmodzimmodzi, n'kumufunsa kuti wayenda bwanji, nanga wawatengera chiyani ku England. Jenerali anangowerama ngati amayi atatu a m'galimoto aja.